Misozi, Usafufutenso Kanthu Usanandifunse

Misozi mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukudya. Ndayamba ndi za kudya chifukwa ndimakudziwa, mayeso akayandikira umangokhalira tiyi ndi mabanzi, nsima osaiganiza n'komwe. Kuno tadzuka. Dzuwa likuwotcha koopsa, minda tinamaliza kugalauza, tikungodikira mvula. Bondo la agogo ako lili monga unalisiyira. Mlongo wako mawu ayamba kukula, ndipo masiku ano akusamba osauzidwa, ndiye ndikumuyang'anitsitsa.

Ndalemba kalata dala. Pa foni ine ndi iwe sitimvana pa nkhani ya kompyuta. Ndikangoyamba kufotokoza umandidula, n'kumati "Amayi, ingozimitsani muyatsenso," kenaka wina wakuitana, kenaka thokutaimu yatha. Tsono khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, osadumpha mizere monga unkachitira ndi makalata anga uli ku sekondale, kufunafuna pamene ndalemba za ndalama. Kompyuta ija yachira. Koma pochirapo yandionetsa zinthu zimene zandisowetsa tulo, ndipo zambiri mwa izo zikukhudza iweyo.

Ukukumbukira tchuthi chako choyamba utachokera ku Lusaka? Unavundukula kompyuta ya malemu atate ako, n'kupukuta fumbi ndi sokosi, n'kukhala pa mpando wawo phazi limodzi utalipindira pansi, lilime lili panja pang'ono monga unkachitira uli Giredi 1 pophunzira kulemba dzina lako. Unaikamo Google Drive. Unati chilichonse chimene ndingaike mu foda imeneyo chikafika kwa iwe, ndipo chimene ungaike iwe chidzandipeza kuno ku Mwase. Tinaikamo zithunzi zonse za mu alubamu ya chikuto chofiira, zimene unazijambulanso ndi foni chiswe chisanamalize ntchito yake: ukwati wathu, ubatizo wako, ndi chija atate ako akunyamula paphewa kutsogolo kwa Castle Hotel ku boma, iwe kukamwa kuli yasa, ukulira chifukwa mlongo wa atate ako anakunamiza kuti m'nsanja ija mumagona afiti. Tinaikamonso mabuku a kopaletivi yathu ya amayi, mayina a mamembala, manambala a zitupa zawo za NRC, ndi matumba a nshawa ndi soya amene aliyense anabweretsa. Ndinanyada tsiku limenelo. Ndinauza mpingo wonse.

Zinayenda bwino ndithu mpaka chaka chatha, pamene kachizindikiro ka Drive ka makona atatu kaja ka pansi pa sikirini kanangoti zii. Ndikakadina kankafuna ndilowenso mu akaunti, ndikayesa kulowa kankakana. Sindinalimbane nako. Ukudziwa mmene 2024 inalili. A Pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Ife a sola m'nyumba munkawala, koma netiweki inkapita limodzi ndi malaiti, ndipo munthu amene akuwerengera zitini za chimanga saganiza za bandulo. Ndinkangolemba za kopaletivi popanda intaneti, ndikatha n'kuifunditsa chitenje.

Chaka chino apampando a kopaletivi anafuna kuti ndandanda ya mamembala izipezeka ngakhale tili ku boma, ndiye ndinaitana mphunzitsi wa makompyuta wa ku sekondale. Ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Giredi 4, anali wa chimfine chosatha, lero akundiphunzitsa ine. Anabwera Loweruka masana ndi kachikwama ka zida.

Chimene anayamba kuyang'ana chinandidabwitsa. Drive sanaikhudze n'komwe. Analoza pakona ya kumanja, pansi, pamene pamakhala nthawi ndi tsiku. Kompyuta inkati tili mu Januwale wa chaka chakalekale, iwe usanalowe n'komwe sekondale. Anamasula chitseko cha m'mbali, n'kupisa dzanja pakati pa fumbi ndi ulusi wa kangaude, n'kutulutsa kabatire kozungulira kophwatalala kolembedwa CR2032. Kameneko ndi kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikachotsedwa ku moto. Ife timazula pulagi usiku uliwonse kuti inivata ipume, ndiye kankagwira ntchito kokha usiku wonse mpaka kanatha. Anandifotokozera kuti malo aliwonse otetezedwa a pa intaneti amaonetsa satifiketi yokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta yosokonekera masiku ikaona satifiketi ya chaka chimene kwa iyo sichinafike, imaikana, ndipo kulowa mu akaunti kumathera pomwepo. Kabatire kameneko amagulitsa ku boma kwa okonza mawotchi, mtengo wake wosati n'kudandaula nawo. Ndikulembera zimenezi kuti tsiku lina laputopu yako ikadzakana kulowa paliponse, uyambe wayang'ana tsiku usanathamangire kwa anyamata a m'tauni amene adzakuuze kuti yagwidwa ndi vairasi.

Titakonza nthawi masamba a intaneti anayamba kutseguka, ine n'kutenga kale ketulo kuti ndimuphikire tiyi wothokoza. Koma Drive inakanabe. Yakaleyo inkati yatha ntchito, ikufuna yatsopano, ndipo yatsopanoyo inkakana kulowa. Mnyamata uja anatsegula Settings, System, About, n'kundiuza ndivale magalasi ndiwerenge ndekha mzere wina. Panalembedwa 32-bit. Google inalengeza kuti kuyambira Ogasiti 2023 pulogalamu yake ya pa kompyuta sidzathandizanso Windows ya 32-bit, ngakhalenso Windows 8 ndi 8.1. Si iwo okha. Microsoft nayo inasiya kugwirizanitsa OneDrive pa Windows 7, 8 ndi 8.1 kuyambira pa 1 Malichi 2022. Makompyuta ambiri amene amafika kumidzi kuno ndi otsala m'maofesi, ndiye anthu amayesa kuika pulogalamu mobwerezabwereza, bandulo n'kumatha, osadziwa kuti vuto lili pa Windows. Mwayi wathu unali wakuti mzere womwewo unanenanso kuti makina enieniwo ndi x64, angathe kunyamula Windows ya 64-bit. Chovuta n'chakuti palibe njira yongokwezera pamwamba pa yakaleyo. Umafufuta zonse n'kuyambira pachiyambi.

Atangotchula kufufuta ndinaika dzanja pa kiyibodi. Ndinati m'nyumba muno palibe chofufutidwa tisanakope. Anaseka, nati ndamulanda mawu m'kamwa, n'kutulutsa disiki yake ya m'thumba. Anandiuzanso chinthu chimene ndikufuna uchisunge. Zonse zimene ndinalemba kuyambira pamene Drive inaima zinali pa kompyuta yokhayi, sizinapite kulikonse, ngakhale zinali mu foda ya Drive. Anati anthu ambiri akaona zavuta amathamangira kutuluka mu akaunti kapena kuchotsa pulogalamu kuti ayikenso, poganiza kuti zonse zili kale pa intaneti, ndipo zimene zinali pamzere kudikira kutumizidwa zingathe kusowera pomwepo. Mabuku a kopaletivi a chaka chathunthu akanatha kupita choncho.

Kuti tikope za atate ako panafunika pasiwedi yawo. Ndinakhala chete kanthawi, kenaka ndinalemba dzina la ng'ombe ija ya nyanga imodzi imene inakuthamangitsa mpaka kudambo, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Inatseguka. Munali makalata awo ofunsira penshoni, ndandanda ya ngongole za anthu zimene sanakatole, ndi fayilo ina yokhala ndi dzina lako. Analembamo ndalama iliyonse ya sukulu yako kuyambira Giredi 8, ndi chimene anagulitsa kuti aipeze, mbuzi, thumba la mpendadzuwa, njinga ija. Sindinafune kulira pamaso pa mwana amene ndinamuphunzitsa, ndiye ndinapita kukaona ketulo.

Windows anabwera nayo pa fulashi mawa lake titaweruka ku tchalitchi. Koma Drive tinaitsitsa tokha ndi hotisipoti ya foni yanga, foni itatsamira pawindo la kuchipinda chako, pamene paja unkaima usiku kunong'onezana ndi anzako poganiza kuti ndagona. Mpaka lero ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino. Inaduka pakati. Fayilo yoduka siilowa, ungaidine mpaka chala kutupa, ndipo iye anandionetsa kuti ikaduka usayambe ina pambali, upitirize yomweyo kapena uifufute n'kuyambiranso. Anandichenjezanso kuti pulogalamu yotere uzitenga pa tsamba la eni ake, osati pa masamba aja a mabatani akuluakulu obiriwira amene amakukakamiza kudina. Tinadikira mpaka anthu atayamba kugona, netiweki itapepuka, ndipo inatsika yonse.

Kenaka panabwera za iwe. Polowa mu akaunti pa Windows yatsopano, Google inatumiza manambala asanu ndi limodzi ku foni imene inalembetsedwa. Foniyo ndi yako. Ndinakuimbira, sunayankhe. Ndinaimbanso, mlendo atakhala, tiyi akuzizira. Pamene unkayankha ndi mawu atulo manambala aja anali atatha kale mphamvu, tinachita kupempha ena. Usiku umenewo ndinaganiza zambiri. Foni yako itabedwa mu minibasi, kapena utasintha nambala monga umachitira ukapeza bandulo yotchipa kwina, ife kuno titsekeredwa kunja kwa zinthu zathu zomwe. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina. Ndiye chonde ulowe mu akaunti, uwonjezere nambala yanga. Google imaperekanso manambala khumi apadera olowera foni ikasowa, lililonse logwira ntchito kamodzi. Uwasindikize papepala. Ndidzawaika m'chitini cha mabisiketi chija, mmene muli khadi lako la ku sikelo.

Tsopano ndafika pa chimene ndakulemberadi.

Titalowa, mafoda anayamba kuonekera limodzilimodzi. Ya kopaletivi inabwera. Ya makalata inabwera. Ndinatsegula ya zithunzi, ndipo munali mbee. Ndinatseka n'kutsegulanso. Ndinaganiza kuti mwina zikubwera pang'onopang'ono chifukwa cha netiweki, koma kachizindikiro kaja kanali katanena kale kuti zonse zagwirizana, palibe chotsala. Miyendo inandizizira, Misozi. Alubamu yofiira ija unaiona wekha mmene inatsalira, masamba ake ndi dothi lokhalokha.

Mnyamata uja anatsegula Drive pa Chrome n'kulowa mu bini. Zina zinali m'menemo, chilichonse ndi tsiku limene chinatayidwa, masabata apitawa. Zimenezo tinazibweza, chifukwa Google imasunga zotayidwa masiku 30 isanazichotseretu. Koma za ukwati, za ubatizo, ndi chija cha ku Castle, munalibe. Zinatayidwa kale, ndipo bini inakhuthulidwa. Sindinafunse kuti anachita ndani. Ndinakumbuka mu Ogasiti ukudandaula kuti foni ikungoti malo adzaza, maimelo a kusukulu sakulowa, kenaka patapita masiku unati wakonza.

Sindikukalipa, mama. Ndikudziwa unaganiza kuti ukuchotsa za pa foni yako yokha, kuti kwa amayi zilipo. Ndipo ndiwe mwana amene sapirira zinthu zongounjikana. Uli ndi zaka khumi unasesa m'nyumba monse tili kumaliro, n'kuwotcha mapepala onse amene unawaona ngati zinyalala, pamodzi ndi malisiti a chimanga a ku depoti. Atate ako anayenda ulendo wa ku boma ndi njinga kukapempha ena, ndipo pobwera anakugulira switi chifukwa unali utatupa maso ndi kulira. Khalidwe limenelo ndi labwino m'nyumba. Mu Drive ndi loopsa, chifukwa foda imene uli nayo pa foni ndi imene ndili nayo kuno ndi imodzi yomweyo. Ukataya uko, yatayika kuno.

Zithunzizo zilipo, usadzidzimuke. Zili pa disiki ya mphunzitsi uja, zonse, chifukwa tinakopa tisanafufute Windows. Koma taganiza chimene chinazipulumutsa. Pa tchuthi chija unasankha njira yoti mafayilo azikhalanso athunthu pa kompyuta, ndipo pamene unkataya mu Ogasiti kompyutayo inali itagontha kalekale, sinamve lamulo lako. Kabatire kakufa ndi Windows yakale ndi zimene zinasunga nkhope ya atate ako. Zonse zikanakhala zikuyenda bwino monga tinkafunira, tsiku lomwelo ndikanangoyatsa hotisipoti, zithunzi n'kuchoka kuno ine ndikusenda nshawa pakhonde.

Ntchito ya pulogalamu imeneyi ndi kufananitsa mbali ziwiri, basi. Siidziwa chimene chili chamtengo ndi chimene chili chinyalala, ndipo cholakwa cha mbali imodzi imachifikitsa mbali inayo mwachangu chomwecho. Kusunga ndi ntchito ina. Agogo ako mpaka lero amamangirira ngala za chimanga chambewu kudenga la khitchini, pa utsi, kutali ndi chimanga chodya, ndipo ngakhale chaka chatha njala itafika pakhosi sanalole munthu kuzikhudza. Ifenso tifunika kopi imene siimvera foni yako, siimvera kompyuta yanga, imangokhala mu kabati mpaka tsiku loifuna.

Za malo odzaza nazo tikambe, chifukwa zidzabweranso. Google imapereka 15GB yaulere, koma imeneyo ndi ya zonse pamodzi, Drive, Gmail ndi Google Photos. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024 ngakhale zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimadya pomwepo. Titayang'ana chimene chadzaza, sizinali zithunzi za alubamu ayi, zimenezo n'zopepuka. Anali mavidiyo ako a ku Kulamba ku Mkaika, aatali, ena ojambula misana ya anthu ndi fumbi lokhalokha, ndi zinthu za m'magulu a WhatsApp zimene sunazionere n'komwe. Drive ili ndi tsamba loonetsa mafayilo kuyambira lalikulu kutsika m'munsi. Ukanayambira pamenepo, mavidiyo awiri kapena atatu akanakupatsa malo oposa zithunzi zonse unatayazo. Koma chimene ndikufuna ine n'chakuti utsegule akaunti yakoyako ya za kusukulu ndi za anzako, ya banjayi uisiye ikhale ya banja.

Bandulo nayo ndaphunzira kuisamala. Drive ili ndi njira ziwiri. Ina imatsitsa chilichonse kuti chikhale pa kompyuta, ina imangoonetsa mayina, fayilo n'kubwera pokhapokha waitsegula. Pano tasankha yachiwiriyo, kupatula foda ya kopaletivi imene taiuza kuti izikhala pano nthawi zonse, netiweki ilipo kapena palibe. Foni yanga taiuzanso Windows kuti ndi intaneti yogula moyeza, kuti isamadzitsitsire zinthu zake mwakachetechete. Ndikafuna kungoona imelo ndimayamba ndaimitsa Drive. Ndiye usadabwe ukaika chinthu m'mawa ine n'kuchiona mawa lake. Ndipo usamanditumizire vidiyo kudzera m'menemo. Kutumiza kuchokera kuno kumachedwa kuposa kulandira, moti kavidiyo ka mlongo wako akuimba kwaya kanatenga usiku wathunthu, batire ya sola n'kutha kasanafike.

Pali kanthu kena ka mabuku a kopaletivi. Pamene tinkabweza zakale tinapeza ndandanda ya mamembala ili pawiri, ya ine ndi ya iwe. Iwe unakonza masipelo a mayina uli ku Lusaka, ine ndinawonjezera amayi atsopano ndili kuno popanda intaneti. Makina sangadziwe yoona ndi iti. Ndinakhala madzulo awiri ndi rula, mzere ndi mzere, kuphatikiza. Ndathokoza chifukwa cha masipelo, unakonza bwino, kupatula dzina la apongozi a amalume ako limene amalilemba choncho dala. Koma ukafuna kukhudza fayilo imeneyo uzinditumizira uthenga kaye, ndipo ukatha undiuze.

Chinandiopsa kwambiri ndi china. Fayilo imeneyo unaitsegula kuti aliyense amene ali ndi linki aione, pamene unkatumizira apampando. Linki imayenda, mwana wanga. Apampando amatumiza chilichonse ku gulu lililonse. M'menemo muli manambala a NRC ndi a foni a amayi amene anandikhulupirira ine, ndipo ukudziwa akuba a pa foni mmene amavutitsira alimi nyengo ya feteleza wa FISP, kuimba ngati a ku ofesi, kutchula dzina ndi nambala molondola kuti munthu akhulupirire. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act ya 2021, koma ine ngakhale pakanapanda lamulo sindikanatha kuwayang'ana m'maso amayi amenewo. Taitseka. Amene akufunika kuiona tizimulemba ndi imelo yake.

Tsono ndikamagona ndimaganiza za kafukufuku wako wa chaka chomaliza. Unandiuza monyada kuti zonse zili pa OneDrive ya kusukulu, sungataye kanthu. Akaunti ya kusukulu ndi ya sukulu, ukamaliza maphunziro angathe kuitseka nthawi imene akonda. Usanavale gauni ukope zonse. Ukafuna kusamutsira ku OneDrive yako dziwa kuti yaulere ndi 5GB yokha, Dropbox ndi 2GB ndipo yaulereyo imalola zipangizo zitatu basi. Uziyang'ananso tizizindikiro ta pambali pa fayilo. Kamtambo kabuluu ndiye kuti pa laputopu palibe, pali dzina lokha. Kobiriwira ndiye kuti ilipo. Kofiira ka mtanda ndiye kuti yakanika kupita, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi dzina, monga mmene umakondera kulemba masiku ndi timizere topendeka ndi timadontho tiwiri, zimene Windows siilola m'dzina la fayilo, kapena mafoda olowetsana m'kati mwa m'kati mpaka njira kutalika.

Makampani akuluakuluwa nawo amapunthwa. Mu Novembala 2023 anthu ena ogwiritsa ntchito Drive ya pa kompyuta anapeza ntchito yawo ya miyezi ingapo palibe, Google inavomera vutolo n'kutulutsa njira yobwezera mu Disembala. Kuyambira Disembala yemweyo akaunti imene yakhala zaka ziwiri osalowamo angathe kuifufuta. Ndipo zinthu zathuzi zimakhala m'makina a eni ake m'mayiko ena, kuti tizifikire zimadutsa m'zingwe za pansi pa nyanja yamchere ife tilibe nyanja yotero. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo ku Malawi, Tanzania ndi Mozambique intaneti inkakwawa masiku angapo. Amalume ako a ku Kasungu anavutika nazo. Zoterezi zitachitika m'mawa wa tsiku lopereka ntchito yako, aphunzitsi sadzamva za zingwe. Lamlungu lililonse madzulo uzikopera pa fulashi, fulashiyo uziisunga kosiyana ndi laputopu, osati m'chikwama chimodzi monga umachitira ndi makiyi onse awiri a chipinda.

Kompyuta ya atate ako masiku ake akuwerengeka, ndikudziwa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kamene makina athuwa alibe. Mphunzitsi akuti iyendabe kwa kanthawi, koma tsiku lina Drive idzaikananso monga inachitira. Sindikupempha ina. Ukayamba ntchito tidzakambirana. Pakali pano ndikuipukuta, ndikuifunditsa, ndipo mlongo wako ndamuletsa kuikamo magemu a kwa anzake.

Disiki imene ili ndi zithunzi ndi ya mwini wake, ndipo akuifuna masukulu akamatsegulira mu Januwale. Ndakutumizira ndalama pa foni. Ugule disiki yathu m'sitolo yopereka lisiti, osati kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, chifukwa zina zimalembedwa kukula kumene zilibe. Ugulenso kabatire kena ka CR2032 kosungira. Ubwere nazo wekha pa Khirisimasi, usapatsire kondakitala wa basi ku Intercity. Nambala yanga uwonjezere mu akaunti lero lomwe ukangomaliza kuwerenga, ndipo undiimbire ukatero. Agogo ako akuti uwabweretsere mafuta opaka bondo aja a m'kabotolo kobiriwira.

Ndine amayi ako,
kuno ku Mwase.